Mukafuna kuwadziwa Aroma, pitani pa kalinga ka m'mbali mwa njira

Ku Gilsland, kamudzi ka kumpoto kwa England, kuli kanjira ka miyendo kotsata njanji ya sitima yochokera ku Newcastle kupita ku Carlisle. Mukakalondola pang'ono mumatulukira pamalo otsetsereka, pamwamba pa kamtsinje kotchedwa Poltross Burn. Pamenepo pali maziko a miyala a kalinga ka asilikali a Aroma, kamene akatswiri anakapatsa nambala 48 pa mndandanda wa timalinga ta pa Khoma la Hadrian, khoma lalitali limene Aroma anamanga modutsa kumpoto kwa England. Ine ndinafikapo m'mawa wina kamvula kakuwaza, kuli zii, popanda ndi munthu mmodzi yemwe. Malo ake ndi ochepa ndithu: mkati mwa mpanda muli mamita pafupifupi 18 m'lifupi ndi 21 m'litali. Pakati padutsa njira yochokera ku chipata chakumwera kukatulukira ku chipata chakumpoto, ndipo uku ndi uku kwa njirayo kuli mizere iwiri ya tizipinda togona. Pa ngodya ina pali zotsalira za uvuni wophikiramo buledi. Pa ngodya inzake pali masitepe a miyala, apansi okhaokha, okwera kulowera kumene lero kuli mphepo yokha.

Masitepe amenewa anandiimika nthawi yaitali. J. P. Gibson ndi F. G. Simpson atafukula malowa mu 1909, akatswiri anapeza njira yodziwira chinthu chimene chinkawavuta. Khoma la Hadrian silinatsale lathunthu pena paliponse, anthu anaphwasula miyala yake kalekale n'kumangira nyumba, makola ndi matchalitchi. Koma ukatenga kupendekeka kwa masitepewa n'kukupitiriza m'malere mpaka kukagunda mpanda, umapeza kuti pamene alonda ankayendapo panali pamtunda wa mamita oposa 3.5 kuchokera pansi. Funso lalikulu la khoma lotchuka padziko lonse likuyankhidwa ndi timiyala ta pa ngodya ya kalinga kamene alendo ambiri amakadutsa osakadziwa.

Anthu akamakamba za Aroma amathamangira zazikulu: bwalo lalikulu la zionetsero la Colosseum ku Rome, misewu yowongoka, milatho yonyamula madzi, mafumu ndi nkhondo zawo. Ngakhale pa khoma lomweli, alendo amadzadza ku Housesteads ndi ku Chesters, kumene kuli malinga akuluakulu okhala ndi nyumba ya mkulu wa asilikali, nkhokwe za tirigu ndi mabafa a madzi otentha. Malo amenewo sindikuwanyoza, ndi ofunika. Chimene ndikunena n'chakuti munthu wamba wa masiku amenewo, mbusa wa nkhosa kapena mayi wopita kukazonda m'bale wake kuseri kwa phiri, mfumu ya ku Rome sanaioneko ndi diso, ndipo m'nyumba ya mkulu wa asilikali sanapondemo. Ufumu umene iye ankaudziwa unali kagulu ka anyamata a mikondo oima pachipata, amene ankatha kumulola kudutsa, kumubweza, kumusecha kapena kumulanda katundu. Ulamuliro unkamufika pakhungu pamenepo. N'chifukwa chake ndikuti timalinga timeneti tiyenera kufufuzidwa, kutetezedwa ndi kuphunzitsidwa mofanana ndi malinga akuluakulu aja. Pakali pano ndi timene timayamba kufafanizika, ndipo tikafafanizika palibe amene amakhuza maliro ake.

Taonani mmene khomalo linayambira. Mfumu Hadrian inafika ku Britain m'chaka cha 122, ndipo ntchito yomanga inayamba cha m'nthawi yomweyo. Khomalo linayenda makilomita pafupifupi 118, kuchokera ku Wallsend pa mtsinje wa Tyne kukafika ku Bowness-on-Solway kunyanja yakumadzulo. Pa mailosi iliyonse ya Chiroma, yomwe ndi pafupifupi kilomita imodzi ndi theka, panali kalinga kokhala ndi zipata, ndipo pakati pa timalinga tiwiri tilitonse panali nsanja ziwiri za alonda. Chimene ambiri sachidziwa n'chakuti pa pulani yoyamba, pamzere wa khoma panalibe malinga akuluakulu. Iwo anali kumbuyo, m'mbali mwa msewu wakale umene lero umatchedwa Stanegate. Ntchito ili mkati ndi pamene akuluakulu anasintha maganizo n'kulamula kuti malingawo asamukire pakhoma penipeni. Umboni wake uli pansi: linga la Housesteads linamangidwa pamwamba pa nsanja imene inali itayambidwa kale, ndipo la Great Chesters linakhalira kalinga nambala 43. Oyamba kubadwa pakhomapo ndi timalinga. Malinga otchukawo anabwera pambuyo.

Kumadzulo kwa Housesteads kuli kalinga ka Cawfields, nambala 42, kamene John Clayton anakafukula mu 1848. Kanamangidwa pamtsetse woti woyenda amapendekeka, ndipo chipata chake chakumpoto chimatsegukira kuphompho. Ngolo singatulukirepo. Chonsecho pafupi pomwepo pali mpata wa pakati pa mapiri pamene munthu angadutse bwinobwino. Ukaima pamenepo umaona ndi maso ako mmene lamulo lochokera kutali limagwirira ntchito: chingwe choyezera chinati mailosi yakwanira apa, amisiri anamanga apa, phiri lifune lisafune. Kenako zaka zitapita, anthu okhala pamalopo anayamba kukonza zimene pulani inalakwitsa. Zipata za timalinga tingapo anazichepetsa kuti muzidutsa munthu woyenda pansi yekha, ndipo nsanja zambiri za m'dera lamapirilo anazisiya, zina n'kuzigwetsa. Kukokanakokana kumeneku, kwa olamula ali kutali ndi ogwira ntchito ali pamalo, sikunalembedwe ndi wolemba mbiri wina aliyense wa ku Rome. Kunalembedwa m'miyala ya zipata zimenezi.

Kodi timalinga timeneti tinali ta chiyani kwenikweni? Apa akatswiri amasiyana maganizo, ndipo mkangano wake ndi wokoma kuutsatira. Ena amati zipata zochuluka chotero zikusonyeza kuti khomalo linali losefa anthu: alimi ndi amalonda ankadutsa, kufunsidwa, kulipira msonkho. Ena amatsutsa, ndipo mfundo zawo si zopepuka. Kumpoto kwa khoma kunali ngalande yakuya, ndipo pa timalinga tambiri sipaoneka powolokera ngalandeyo. Kumwera anakumbako ngalande ina yaikulu yokhala ndi mitumbira mbali zonse ziwiri, imene imatchedwa Vallum, ndipo powolokera pake panali makamaka pa malinga akuluakulu. Ngati cholinga chinali kulandira anthu pa mailosi iliyonse, bwanji anatseka njira yofikira pazipatazo? Ine ndimapendekera kwa amene amati timalinga tinali tolimbana ndi mavuto a tsiku ndi tsiku, monga akuba ng'ombe, timagulu tobwera usiku kudzafunkha, ndi anthu olowa mozemba. Anthu 8, kaya 30, sangaimitse gulu lankhondo la anthu masauzande, koma angaone fumbi patali, kuyatsa moto wochenjeza anzawo, ndi kuthamangitsa mbava zisanu. Koma kaya mutsatire mbali iti, umboni wothetsa mkanganowu uli m'timalinga momwemo, ndipo tambiri sitinafukulidwe ndi njira zamakono.

Palinso chifukwa china chimene sindikhulupirira kuti linga lalikulu lokha lingatiuze moyo wa msilikali. Ku linga la Vindolanda, kumwera pang'ono kwa khoma, kuyambira mu 1973 akhala akufukula timatabwa topyapyala tolembedwa ndi inki, timene tinasungika m'dothi lonyowa. Kena mwa timeneti ndi lipoti la chiwerengero cha gulu la asilikali a mtundu wa Tungri, lolembedwa khoma lisanamangidwe. Gululo linali ndi anthu 752. Amene analipo pa linga tsiku limenelo anali 296 okha, ndipo mwa iwo 31 anali osatha kugwira ntchito: ena odwala, ena ovulala, ena a maso otupa. Otsala 456 anali kunja, ambiri ku linga lina lotchedwa Coria, mmodzi ku London, ena m'malo osiyanasiyana. Gulu la nkhondo la Aroma silinkakhala chounjikana m'linga kudikira lipenga. Linkamwazikana. Kathabwa kena ndi kalata ya msilikali wotsogolera apakavalo dzina lake Masclus, yopita kwa mkulu wake Flavius Cerialis. Akufunsa zoti achite mawa, kaya abwerere onse kapena theka lokha, ndipo kumapeto akuwonjezera kuti anzake mowa wawathera, bwana alamule kuti utumizidwe. Mawu amenewo analembedwa ndi munthu amene anali kutali ndi likulu, ali ndi kagulu kake, akudikira lamulo ndi katundu.

Koma kuti mumve bwino mawu a anthu a m'timalinga, muyenera kuchoka ku mvula ya ku Britain n'kubwera kuno ku Africa, ku chipululu cha kum'mawa kwa Egypt. Kuchokera ku Coptos pa mtsinje wa Nile kunali misewu iwiri yopita ku madoko a Nyanja Yofiira: wina wa ku Myos Hormos, makilomita pafupifupi 180, wina wa ku Berenike, wotalika kuposa kuwirikiza pamenepo. M'misewu imeneyi munkadutsa chuma choopsa. Zombo zinkabwera ndi tsabola, minyanga ya njovu, ngale ndi nsalu kuchokera ku India, Arabia ndi kugombe la kum'mawa kwa Africa, ngamila n'kunyamula katunduyo kupita naye ku Nile, ndipo boma linkadulapo gawo limodzi mwa magawo anayi alionse ngati msonkho. Ku Berenike ofukula anapeza mtsuko wa ku India uli ndi tsabola wakuda wolemera makilogalamu oposa 7. Pofuna kuteteza chuma chimenechi, Aroma anamanga timalinga motsatana m'misewu yonse iwiri, kalikonse kali ndi chitsime pakati, kotalikirana mtunda woti ngamila iyende tsiku limodzi kapena kucheperapo. Ka Didymoi kali ndi mwala wolembedwa wosonyeza kuti kanakhazikitsidwa cha m'ma 76 kapena 77, mu ulamuliro wa mfumu Vespasian.

Kuyambira mu 1994, gulu la akatswiri a ku France lotsogoleredwa ndi Hélène Cuvigny linayamba kufukula timalinga timeneti: Maximianon, Krokodilo, Didymoi ndi tina. Chuma chawo sanachipeze m'zipinda. Anachipeza kudzala, kunja kwa chipata, kumene asilikali ankataya phulusa, mafupa, nsanza ndi zoswekasweka. Pepala la gumbwa linali lovuta kupeza m'chipululu, choncho anthu ankalemba pa mapale. Mtsuko wa vinyo ukasweka, phale lake linkasanduka kalata. Wolandira akawerenga, phalelo ankaliponya kudzala, ndipo kuuma kwa chipululu kunalisunga zaka pafupifupi 1,900 inki yake ikuonekabe. Mapale otere apezeka masauzande, ambiri olembedwa m'Chigiriki. Kuona maso a nkhono n'kudekha: pamafunika munthu wokhala pansi miyezi ndi miyezi, kulumikiza phale ndi phale linzake, kuti mawu atuluke.

Ndiye atuluka mawu otani? Ku Krokodilo, kumene dzina lake linachokera ku thanthwe looneka ngati ng'ona, kunapezeka kaundula wa mtengatenga. Woyang'anira kalinga ankalemba kuti wapakavalo wakutiwakuti wafika ola lakuti ndi makalata ochokera ku kalinga koyandikana nako, ndipo wina wanyamuka nawo ola lakuti kupita kutsogolo. Makalata a boma ankayenda chopatsirana choncho, usana ndi usiku, ndipo apakavalo owanyamula anali ochepa kwambiri pa kalinga kalikonse. M'makalata a anthu wamba muli zimene aliyense wokhala kutali ndi kwawo angazizindikire. Wina akutumizira mnzake mtolo wa ndiwo zamasamba kuchokera pamalo pamene pali madzi okwanira kulima kadimba. Wina akudandaula kuti analemba kalata koma sanayankhidwe. Wina akukumbutsa za ngongole. Moni amaperekedwa kwa anthu ambirimbiri, mmodzimmodzi ndi dzina lake.

Pa mtsuko wina waukulu, mlembi anakopera malipoti angapo a m'chaka cha 118, chaka chotsatira chimene Hadrian analowa ufumu. Limodzi likufotokoza za anthu 60 a m'chipululu amene anaukira kalinga kotchedwa Patkoua. Nkhondo inayamba madzulo n'kupitirira mpaka usiku, panafa anthu, ndipo oukirawo anagwira mayi ndi ana. Lipotilo linazungulira timalinga tonse ta mumsewuwo kuti aliyense akhale tcheru. Tangoganizani kuwerenga uthenga wotere muli anthu osakwana 20, pakati pa mchenga ndi miyala, thandizo lili kutali ulendo wa masiku. Olemba mbiri a ku Rome sanaione nkhaniyi ngati yoyenera inki yawo. Ife tikuidziwa chifukwa mtsuko unatayidwa kudzala.

Pali mbali ina imene sindingaidumphe, chifukwa kuidumpha kungakhale kuwaphimbira Aroma. Mapale omwewa akuonetsa kuti atsikana ndi amayi ankatumizidwa kuchoka pa kalinga kena kupita pa kena, kubwerekedwa kwa mwezi wathunthu kuti asilikali onse a pamalopo azigona nawo, ndalama n'kumapita kwa amene ankawalamulira. Munthu wina dzina lake Philokles, amene ankagulitsanso zakudya m'timalingamo, amapezeka m'makalata ambiri akuyendetsa malonda amenewa. Boma linkadziwa, ndipo linkadyapo. Mwala wina wa ku Coptos wa m'chaka cha 90 uli ndi mndandanda wa ndalama zolipira polowa mumsewu wa m'chipululu: wogwira ntchito m'chombo ankalipira madalakima 5, mkazi wa msilikali 20, koma mkazi wopita kukagulitsidwa thupi ankalipiridwa 108. Amene amakonda kuyamikira Aroma chifukwa cha malamulo ndi misewu yawo awerengenso mwala umenewu. Zipilala za ku Rome zinaimikidwa kuti zitamande ufumu, pamene dzala la pa kalinga silinakonzedwe kuti wina adzalione, n'chifukwa chake silibisa kanthu. Atsikana amenewa maina awo ena alipo pa mapalewo. Kulibe kwina kulikonse kumene akanakumbukidwa.

Tsono wina anganene kuti: ndalama zosamalira zakale n'zochepa kulikonse, timalinga tilipo mazanamazana, ndipo tonse n'tofanana. Ukafukula kamodzi wafukula tonse. Bwanji osaika ndalamazo pa malo akuluakulu amene amakopa alendo n'kubweza ndalamazo? Mfundo ya ndalama ndi yoona ndipo sindikuipeputsa. Sindikupempha kuti pa kalinga kalikonse pamangidwe nyumba yoonetseramo zakale ndi malo oimika magalimoto. Koma zoti n'tofanana, ayi. Ka Poltross Burn kali ndi zipinda zokwana anthu mwina 32, pamene tina ta pakhoma lomwelo tili ndi kanyumba kamodzi kokwana anthu 8. Kusiyana kumeneko ndi funso lofuna yankho. Ka Cawfields kamayang'ana phompho, ka Krokodilo kamasunga chitsime. Ofanana ndi mapulani amene anajambulidwa ku likulu. Miyoyo imene inakhalamo inali yosiyana, ndipo ndi imene tikuifuna. Komanso kuteteza kalinga sikulira ndalama zambiri. Nthawi zambiri chofunika ndi kudziwa pamene kali, kukalemba m'kaundula wa malo otetezedwa, ndi kugwirizana ndi mwini munda kuti pulawo isazame pamenepo.

Vuto la timalinga ndi kuchepa kwake komweko. Linga lalikulu ukafuna kuliwononga anthu amaona. Kalinga kamatha sabata imodzi. Asilikali a boma la Britain atavutika kuyenda kuchoka ku Newcastle kupita ku Carlisle pa nthawi ya kuukira kwa a Jacobite, amene ankafuna kulanda ufumu wa Britain, mu 1745, boma linamanga msewu watsopano m'zaka za m'ma 1750. Pa mtunda wautali wa kum'mawa, omanga anagwetsa khoma la Aroma n'kuyala miyala yake pansi ngati maziko, ndipo timalinga ndi nsanja zimene zinali m'njiramo zinaphwanyidwira limodzi. Msewuwo ulipo mpaka lero, ndi B6318, magalimoto amayenda pamwamba pa khoma. Ku Cawfields komwe kuja, oswa miyala anadya phiri limodzi ndi khoma lake mpaka kutsala pang'ono kufika pa kalinga, ndipo pamene panali phiri lero pali dziwe. Zikanapanda anthu ngati John Clayton, amene anayamba kugula minda ya m'mbali mwa khoma m'zaka za m'ma 1830 kuti alimi asiye kuphwasula miyala, dera lapakati limene alendo amalijambula lero bwenzi kulibe. Madzi akatayika saoleka.

Ku Syria ndi ku Iraq nkhani yake ndi yomvetsa chisoni kuposa apa. M'zaka za m'ma 1920, wansembe wa ku France dzina lake Antoine Poidebard ankauluka pa ndege yaing'ono kujambula chipululu, ndipo analemba malinga 116 amene ankawaona ngati mzere wotchinga adani ochokera kum'mawa. Mu 2023, katswiri wa zakale Jesse Casana ndi anzake anafalitsa zimene anapeza atapenda zithunzi zakale za masetilaiti aukazitape a dziko la America, zojambulidwa m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970. Anapeza malo ena 396, ambiri ang'onoang'ono, omwazikana kuchokera kumadzulo kupita kum'mawa, osati pamzere umodzi wotchinga. Iwo akuganiza kuti malowa ankateteza anthu apaulendo ndi amalonda. Chithunzi cha m'mwamba pachokha sichingatsimikize zaka za nyumba, pamafunika munthu akafike pamalopo ndi kufukula. Apa ndi pamene pali chisoni: ambiri mwa malowa akuoneka pa zithunzi zakale zokha, chifukwa minda, madamu ndi matauni zinawameza m'zaka zapakatipa. Funso lidakalipo, koma mboni zambiri zinapita.

Mu September 2023, anthu awiri anadula usiku mtengo wotchuka wa pa Sycamore Gap, umene unaima pampata wa mapiri m'mbali mwa khoma. Dziko lonse la Britain linalira, nkhani inamveka mpaka kunja, ndipo mu 2025 khoti linawalamula kukhala m'ndende zaka zoposa zinayi. Kulirako kunali koyenera, inenso zinandikhudza. Zinandionetsa kuti anthu ali nawo mtima wokonda malo, akangopatsidwa chifukwa. Kungokwera kaphiri kuchoka pa chitsa cha mtengowo kulowera kumadzulo mumafika pa kalinga nambala 39, kamene kakhala pamenepo zaka pafupifupi 1,900. Ndimalakalaka anthu omwe ankabwera kudzajambula mtengowo atauzidwa kuti m'kampanda kameneko munkagona anthu, ndipo ena mwa otumikira pakhomali ankachokera kutali zedi. Ku Burgh by Sands, kumadzulo kwa khoma, mwala wolembedwa ukusonyeza kuti m'zaka za m'ma 200 kunali gulu la asilikali ochokera kumpoto kwa Africa.

Ife a ku Malawi ndi kum'mawa kwa Zambia nkhani ya timalinga ta ufumu wachilendo si yachilendo kwa ife. Mangochi ankatchedwa Fort Johnston, Mchinji anali Fort Manning, Chitipa anali Fort Hill, Chipata anali Fort Jameson. Atsamunda a ku Britain nawonso anagwira dziko poika magulu ochepa a asilikali pa mipata ya mapiri ndi pa madooko, monga Fort Lister imene inamangidwa mu 1893 pakati pa Mulanje ndi Michesi. Sindikuti Aroma ndi Angerezi anali amodzi, pakati pawo pali zaka zambirimbiri ndi zolinga zosiyana. Koma amene anamvapo agogo ake akusimba mmene boma linafikira m'dera lawo amadziwa kale kuti ufumu umafika ngati kampanda ka m'mbali mwa njira, ndipo amadziwanso mmene mabwinja otere amamerera tchire msanga.

Chimene chimandilimbitsa mtima ndi nkhani ya ku Scotland. Patapita zaka 20 chiyambire Khoma la Hadrian, cha m'ma 142, Aroma anasunthira kumpoto n'kumanga khoma lina la zibuma za dothi ndi udzu pa maziko a miyala, lotalika makilomita pafupifupi 60, pakati pa mitsinje ya Forth ndi Clyde. Limatchedwa Khoma la Antoninus, ndipo bwanamkubwa amene anayang'anira ntchitoyo, Quintus Lollius Urbicus, anali wochokera ku Numidia, m'dziko limene lero ndi Algeria. Analigwiritsa ntchito zaka pafupifupi 20 zokha n'kulisiya. Popeza timalinga take tinali ta dothi ndi mitengo, tinasungunuka n'kubwerera m'nthaka. Mu 1707, Robert Sibbald analemba kuti anaona kalinga cha ku Carleith, kumadzulo kwa Glasgow. Ofufuza anakafunafuna m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 koma sanakapeze. Mu 2023, bungwe la Historic Environment Scotland linalengeza kuti lakapeza m'munda wina, popanda kukumba ngakhale khasu limodzi. Anayenda m'mundamo ndi makina oyeza mphamvu ya maginito ya m'nthaka, ndipo maziko a miyala anaonekera pa kompyuta. Akuganiza kuti munkakhala asilikali 10 kapena 12, obwera mosinthana kuchokera ku linga la Duntocher lomwe lili pafupi.

Makina otere alipo, ndipo munthu amatha kuyeza nawo munda wathunthu m'masiku ochepa. Chimene ndikupempha kwa mabungwe osamalira zakale, kaya ku Britain, ku Egypt kapena kwina kulikonse kumene Aroma anaika alonda awo, n'chakuti kuyezako kuzichitika msewu, nyumba kapena damu zisanamangidwe, ndipo madzala a kunja kwa zipata azitetezedwa limodzi ndi mipanda yake. Akatswiri akuti pa Khoma la Antoninus pakhoza kukhala panali timalinga tokwana 41. Ka Carleith ndi ka nambala 10 kupezeka. Tinato tili pansi pa minda, misewu ndi nyumba za pakati pa Forth ndi Clyde, dera limene kumangidwa nyumba zatsopano chaka ndi chaka.